Zaka Zikwi Ziwiri M'masiku Asanu

Lolemba

Mmawa. Lero ndi lero! Choko chilipo. Bolodi lilipo, ndi chitseko chakale cha khola la mbuzi chomwe ndachipaka zakuda za m'mabatire. Jekete ndasita ndekha, mayi a kunyumba akuti ali ndi ntchito zenizeni.

Ndilembe bwinobwino kuti adzukulu adzadziwe. Mwezi watha mpingo unandituma, monga mkulu wa mpingo, ku maphunziro a masiku atatu ku boma. Mutu wake mbiri ya mpingo. Ndinabwerako ndi satifiketi ndi kope la manotsi. Dzulo m'tchalitchi ndinaimirira n'kulengeza kuti ndiphunzitsa mbiri yonseyo, kuyambira kwa atumwi mpaka lero, ulere. Mawu akuti "thiyoloje" ndinawatchula kawiri. Anthu anaomba m'manja.

Chomwe sindinalengeze: tsiku lachiwiri la maphunziro ndinazemba kukasaka ziguduli zomangira mabelo a fodya. Tsiku lachitatu ndinakhala kumbuyo, ndipo kunali kotentha.

Dongosolo:
- Zaka zikwi ziwiri, masiku asanu. Zaka 400 patsiku.
- Kuyamba 3 koloko, anthu akaweruka kosankha fodya.
- Lamulungu abusa akubwera kudzapereka mgonero. Ophunzira anga adzayankha mafunso pamaso pawo.
- Mwezi wamawa kuli chisankho cha mlembi wa mpingo. Izi sindikuziganizira. Ndangolemba.

Madzulo. Anthu makumi atatu ndi anayi! Ena akhala pawindo.

Ndayamba ndi mazunzo. Akhristu m'mapanga, Akhristu pamoto, Akhristu pamaso pa mikango. Ndabangula ngati mkango, amayi akuwa. Zikuyenda! Kenako a Kamphambe, mkulu mnzanga amene akufunanso ulembi uja, afunsa ngati mikangoyo inali ngati ya kupaki ya nyama zakutchire. Wina wati kupaki vuto si mikango koma njovu. Theka la ola lathera pa njovu zomwe zinadya chimanga cha alamu ake a wina.

Titabwerera, Mayi Chisale, mtsogoleri wa amayi, akweza dzanja. Akuti chiyambire ubwana sanamvetse za Mulungu mmodzi mwa atatu. Ndamwetulira. Ndati: "Taonani ine. Kunyumba ndine bambo, kumunda ndine mlimi, muno ndine mkulu wa mpingo. Koma munthu mmodzi." Onse agwedeza mitu. Ndamva kukoma mpaka m'mawondo.

Ndiye pa benchi yakumbuyo dzanja lakuda ndi utomoni wa fodya lakwera pang'onopang'ono. A Makwinja. Tenanti wanga! Munthu wa ku Phalombe, chaka chachitatu ali pamunda panga, ndipo mawu omwe ndimamva kwa iye ndi "chabwino abwana" basi.

"Pepani abwana, fanizo limenelo mpingo unalikana kalekale. Pa ubatizo wa Ambuye, Atate analankhula kumwamba, Mwana ali m'madzi, Mzimu akutsika. Onse nthawi imodzi. Inuyo mungaime kunyumba n'kudziitana nokha muli kumunda?"

Phwete kumbali ya amayi.

Ndati ndimawayesa dala. Palibe wakhulupirira. Ngakhale ine.

Zaka zomwe taphunzira lero: mwina zana limodzi.

Lachiwiri

Ndadzuka ndi fanizo latsopano. Labwino kwambiri, lochokera m'munda momwemo, munthu wa ku Kasungu sangalikane.

Ku chigafa cha fodya a Makwinja andipatsa moni wa masiku onse, chipewa m'manja, ngati dzulo kulibe. Ndayankha ndi mphuno.

3 koloko. Anthu makumi anayi. Achuluka! Koma ndaona kuti ambiri akungocheukira kumbuyo, kuona ngati munthu uja wafika. Wafika.

Ndalowa ndi tsinde la fodya m'manja. Ndati: "Masamba apansi, masamba apakati, masamba apamwamba. Atatu, koma fodya mmodzi!" Ndaima kudikira m'manja.

Dzanja lija.

"Pepani abwana. Ndiye kuti aliyense ndi kachigawo chabe ka Mulungu, osati Mulungu wathunthu. Komanso apansi aja ku okushoni amawagula motchipa. Mwa atatuwo, ndi uti amene ali giredi yotsika?"

A Kamphambe aseka mpaka kutsokomola. Wina wawamenya pamsana.

Sindinagonje. Ndaloza pawindo. Ndati chabwino, dzuwa. Dzuwa linayamba kukhalako, kenako linapanga kuwala kwake. Atate ndi Mwana.

Dzanja silinakwere. Ndapuma. Koma Mayi Chisale atembenuka okha: "A Makwinja, nanga limeneli?"

Munthuyo wayang'ana pansi ngati akupepesa nyerere. "Limenelo ndiye lomwe mabishopu anasonkhanira ku Nikeya kukalikana, mayi. Kunali mphunzitsi wina ku Iguputo ankati inalipo nthawi imene Mwana kunalibe. Anamuchotsa mumpingo."

Anamuchotsa mumpingo!

Ndatsegula kope msangamsanga kuti ndione za Nikeya. Ndapeza. Ndi dzanja langa lomwe: "Nikeya, msonkhano waukulu. Nkhomaliro: nyemba." Basi.

Potuluka ndamva mtsikana wa kwaya akuuza mnzake: "Mawa tifike msanga, tione kuti awachotsanso pa chiyani."

Masiku awiri, ziphunzitso zonyenga zitatu. Anthu akale aja chimodzi chimawakwanira moyo wonse.

Mayi a kunyumba akuti: "Bwanji osangomufunsa munthuyo?" Ine? Ndi satifiketi?

Lachitatu

Ndachita chinthu. Ndikulemba chifukwa kope ili silinena.

Mmawa ndaitana a Makwinja. Ndawapatsa njinga, ndati apite ku Santhe akagule ulusi wosokera mabelo, ndipo asagule wa pa golosale yoyamba, afunse m'magolosale onse. Ku Santhe ndi kutali, matayala ndi akale. Sangabwere 3 koloko isanakwane.

Ulusi ulipo. Mpukutu wathunthu uli pansi pa bedi.

Andiyang'ana kamphindi. "Chabwino abwana." Akwera, apita.

3 koloko. Benchi yakumbuyo ili ndi mpata. Ufulu! Ndalumpha zaka mazana asanu ndi awiri chifukwa ndi za tsiku la ziguduli. Ndafika pamene mpingo unagawikana, akummawa ndi akumadzulo. Apa manotsi alipo ndithu: anakangana za ulamuliro, za mawu ochepa owonjezera m'chikhulupiriro, ndi za buledi wa mgonero, kaya akhale wofufumitsa kaya ayi.

Ku maphunziro anati ophunzira azichita nawo sewero. Ndati a kumanja mukhale akummawa, a kumanzere akumadzulo, mukangane pang'ono.

Ndaiwala chinthu chimodzi. Kumanja kumakhala anthu a midzi ya kumtunda. Kumanzere a kudambo. Tchalitchi ili linamangidwa kumtunda, ndipo a kudambo mpaka lero chimawawawa.

Mmene zayendera:
- A Kamphambe, a kudambo: "Njerwa tinaumba ndife, tchalitchi n'kukaliika pakhomo panu."
- Mayi Chisale, a kumtunda: "Malata anagula ndani?"
- Wina wa kudambo: buledi wa mgonero amene amaphika amayi a kumtunda ndi wouma ngati chigumu cha dzana.
- Wina wa kumtunda: wanu wa ku golosale uja ananunkha sopo.
- Ine: "Abale, ndi sewero!"
- Onse: "Inu khalani chete."

Wina watchula za mbuzi ya pa chikondwerero cha zokolola cha zaka zisanu zapitazo, imene mwendo wake umodzi sunaoneke. Pamenepo zatha. A kumtunda atulukira khomo lalikulu, a kudambo khomo la ku vesitile. A kudambo akuti Lamulungu apemphera pansi pa mtengo wa mango kwawo.

Ndatsala ndi bolodi.

Kunyumba ndapeza mpukutu wa ulusi uli pa tebulo, pa malo pomwe pamakhala mbale yanga. Mayi a kunyumba amasesa. Bola akanalalata.

A Makwinja afika dzuwa likulowa, akukankha njinga, tayala laphulika. Apereka ulusi ndi manja awiri. Aona uja wa pa tebulo. Atsanzika, apita.

Anthu onse akangoti chete, ndiye ndimve bwanji?

Lachinayi

Ndalamula kuti lero ndi tsiku la jeke yopanikizira fodya, tidinde mabelo, aliyense wa pamunda asachoke ku chigafa. Lamulo labwino la ulimi. Lilibe cholinga china. (Lili nacho.)

3 koloko. Anthu asanu ndi awiri. Anayi asuzumira benchi yakumbuyo n'kukumbuka kuti anasiya madzi pamoto.

Otsala: agogo aamuna amene samva, mayi wina amene amadikira mvula yowaza ithe, ndi a Kamphambe, amene abwera ndi pensulo.

Ndaphunzitsa za mmonke wa ku Jeremani amene anaona zolakwika mumpingo, n'kuzilemba mfundo ndi mfundo, n'kuzikhoma pa chitseko cha tchalitchi. Apa ndalankhula bwino, ndikudziwa. Ndati munthu wolimba mtima saopa kulemba choonadi ngakhale chikhudze akuluakulu. A Kamphambe afunsa: "Anakhoma ndi misomali ya saizi yanji?" Ndayamikira chidwi chawo. Chitsiru ine!

Pobwerera ndikuyandikira chigafa changa, ndikumva anthu ambiri. Ndati kapena ngozi ya jeke. Ayi. Kalasi yanga! Yonse! A kumtunda ndi a kudambo pamodzi, akhala pa mabelo anga, manja akusankha masamba, makutu ali kwa a Makwinja. Iwo sanasiye ntchito. Akupanikiza jeke uku akulankhula.

Ndabisala kuseri kwa mulu wa mapesi. Mkulu wa mpingo, jekete yosita, kuseri kwa mapesi.

Akufotokoza kuti Chikhristu chinafika mu Africa kale kwambiri, chisanazike mizu kwawo kwa azungu amene anadzatibweretsera kuno. Akuti ku Iguputo kunali amuna ndi akazi amene anapita kukakhala m'chipululu kukapemphera, akuluka mitanga kuti apeze chakudya. Akuti aphunzitsi ena akuluakulu amene mabuku awo amawerengedwa mpaka lero anabadwira kumpoto kwa Africa, amayi awo akuwadandaula ngati mmene amadandaulira amayi a kuno. Sakubangula. Sakutchula "thiyoloje". Anthu ali duu.

Mayi Chisale: "Ndiye kuti si za azungu zokha?"

A Makwinja: "Ndi zathu, mayi. Tinangoiwala kumene tinazisiya."

Choipa kwambiri: ndatulutsa kope n'kuyamba kulemba.

Choipa koposa: mayi a kunyumba ali kutsogolo penipeni, pa belo la giredi yoyamba.

Linthumbu landilowa m'thalauza. Ndapirira chifukwa cha ulemu. Galu wanga wandinunkhiza, wabwera akugwedeza mchira, wauwa mokondwa. Mitu makumi atatu yatembenuka.

Ndati ndikuyendera mapesi.

Fodya wasankhidwa wa masiku atatu. Sindikudziwa ngati ndikondwe.

Lachisanu

Pa chitseko cha tchalitchi pali pepala. Misomali inayi. Dzanja ndikulidziwa, pensulo ndikuidziwa, koma zikuoneka kuti ambiri aponyapo mawu.

Ndakopera zonse, kuti chilango chikwane:
1. Mkulu wa mpingo asaphunzitse zimene sanamve.
2. Satifiketi ya masiku atatu ionetsedwe pamodzi ndi kaundula wa amene analipo masiku onse atatu.
3. Buledi wa mgonero azigula abusa okha.
4. Mwendo wa mbuzi uja ufufuzidwe.
5. Munthu asatume mnzake ku Santhe kukagula ulusi umene uli pansi pa bedi.
6. Denga la kumanzere likudontha chaka chachinayi, la kumanja linakonzedwa sabata imodzi.
7. Kwaya ichepetse mavesi.
8. Matenanti amakhaliranji pa benchi yakumbuyo? Analamula ndani?

Nambala 5! Za pansi pa bedi amadziwa ndi anthu awiri okha pa dziko lino, ndipo mmodzi ndine.

Ndafunsa kunyumba. Yankho: "Anandifunsa kuchitsime. Mumati munthu asaope choonadi."

Nambala 8 ndaiwerenga katatu. Palibe analamula. Ndi mmene zakhalira. Ine ndimakhala kutsogolo zaka khumi ndi zisanu, sindinacheukepo.

Ndafuna kung'amba pepalalo. Ndakumbuka kuti dzulo lomweli ndinanyoza akuluakulu a mpingo amene anakwiya ndi pepala la mmonke uja. Ndalisiya.

3 koloko. Palibe munthu. Ndadikira mpaka 4. Nkhuku yalowa, yayenda mpaka kuguwa, yatuluka. Lero ndimayenera kufika kwa amishoni ndi kuyamba kwa mpingo kuno kwathu. Mbali yokhayo imene ndikuidziwa ndithu, chifukwa agogo anga anasenza nawo njerwa.

Foni. Abusa! Wina wawatumizira chithunzi cha pepala.

"Akulu, ndamva kuti mwagawa mpingo pawiri m'masiku atatu. Akale aja zinawatengera zaka chikwi."

Ndati pepani abusa.

"Lamulungu ndikufuna ndipeze mpingo umodzi. Mmene muchitire mukudziwa ndinu. Ndipo munthu amene akuphunzitsa ku chigafayo ndi ndani?"

Ndati ndi tenanti wanga.

"Ndafunsa kuti ndi ndani."

Ndatsegula pakamwa. Dzina lawo loyamba sindikulidziwa.

Loweruka

Ndabweza bolodi ku khola. Mbuzi zanyambita mutu wa phunziro.

Kenako ndayenda ulendo wautali kuposa wa ku Santhe: kuchoka pakhonde panga kukafika kunyumba kwa a Makwinja, kumapeto kwa munda. Masitepe mwina mazana atatu. Zaka zitatu sindinapondeko. Ndimangoitana.

Nyumba yaudzu, chipinda chimodzi. Denga mbali imodzi aphimba ndi matumba a feteleza. Ndine ndinalonjeza pulasitiki chaka chatha.

Akazi awo adzidzimuka, athamangira kukabwereka mpando kwa oyandikana nawo. Ndati ayi, mphasa yomweyo. Mawondo alira ponseponse.

Ndayamba ndi nyengo. Kenako mitengo ya ku okushoni. Kenako nyengo kachiwiri. Mapeto ake ndati: "Ulusi uja unalipo."

"Ndimadziwa abwana. Ndinaunyamula ndine pochokera ku boma."

Dziko likanang'ambika ndikanalowa ndi jekete yomwe.

Ndapepesa. Mawu atuluka mokhota, koma atuluka. Iwo ati nawonso apepese, sanayenere kundikonza pagulu, koma atamva fanizo lija dzanja linakwera lokha.

Dzina lawo ndi Benedicto. Anakhala ku seminale zaka zisanu, amafuna unsembe. Bambo awo atamwalira panatsala azing'ono awo asanu ndi munda wa miyala. Anasiya. Anakwatira, analowa mpingo wathu kutsata akazi awo, anayenda m'maesiteti mpaka kufika kwa ine. Atulutsa mabuku atatu m'chitini cha utoto, okutidwa ndi pepala la shuga kuopa chiswe. Amawerenga Lamulungu masana.

Ndati bwanji simunanene? Ati: "Simunafunse, abwana. Munafunsa ngati ndimadziwa kusoka fodya."

Ndafunsa kuti nanga fanizo labwino la Utatu ndi liti. Aseka. Akuti palibe. Akuti onse amene anapeza fanizo losavuta anagwa nalo, ndipo misonkhano ija sinamufotokoze Mulungu mpaka kumumaliza, inangonena malo amene munthu asapondepo. Ndati ine ndaponda onse. Ati: "Ayi, atsalako awiri atatu."

Ndafunsanso chimene chimandilemera. Mawa akulu a mpingo timagawa zikho za mgonero. Ndati mwina ine ndikhale pansi, manja angawa ndi onama. Afotokoza kuti kumpoto kwa Africa kunabuka mkangano womwewo. Pa nthawi ya mazunzo atsogoleri ena anachita mantha n'kupereka Malembo kwa asilikali. Mazunzo atatha, ena anati ubatizo ndi mgonero wa m'manja mwa anthu amenewa ndi wopanda ntchito. Anakangana zaka zambirimbiri. Mpingo unatsimikiza kuti chikho ndi cha Ambuye, si cha wonyamula.

"Nyamulani, abwana. Ingosamalani musataye."

Masana tayenda limodzi kumidzi ya kudambo, khomo ndi khomo. Ine ndimapepesa, iwo amangoima pambali. Aliyense amayankha akuyang'ana iwo. A Kamphambe avomera kubwera mawa, bola nambala 6 ikambidwe. Andipatsa nzimbe. Sindikudziwa ngati ndi chikhululuko kapena chisoni.

Pulasitiki ya denga ndagula pobwerera.

Lamulungu

Mpingo ndi umodzi. Wokwiya, koma umodzi. Buledi abwera naye abusa kuchokera ku boma.

Zikho ndagawa. Sindinataye. Mayi Chisale polandira andiyang'ana ngati mwana amene wachira malungo.

Pa zolengeza abusa andiitana kutsogolo kuti ndipereke lipoti la maphunziro. Ndanena zonse: ziguduli, tulo, nyemba, ulusi. Pa ulusi anthu aseka, kenako asiya, chifukwa ine sindimaseka. Ndati pa zaulembi dzina langa lisalembedwe. A Kamphambe ati "Amen" mokweza kuposa pa pemphero lililonse chaka chino.

Zigamulo za abusa:
- Denga la kumanzere likonzedwe mwezi uno.
- Nkhani ya mwendo wa mbuzi yatsekedwa mpaka tsiku lachiweruzo.
- Benchi yakumbuyo ndi ya ochedwa, osati ya matenanti.
- Kwaya ipitirize mmene imachitira. (Abusa amachoka msanga.)
- Maphunziro a mbiri ya mpingo apitirira, Lachitatu ndi Lachisanu lililonse, mpaka atathe. Mphunzitsi: a Benedicto Makwinja.

A Makwinja aimirira, chipewa m'manja. Ati akuthokoza, koma nthawi ino ndi yosankha fodya, masana awiri pa sabata akachoka ku chigafa ntchito ya abwana iima. Abusa afunsa ngati pali wina amene angagwire m'malo mwawo.

Kumbali ya amayi kwamveka mawu omwe ndakhala ndikuwamva zaka makumi atatu ndi chimodzi: "Alipo, abusa. Masana alibe zochita."

Mpingo wonse wandiyang'ana. Ndavomera. Ndiye kuti kalasi imene ndinayambitsa ndekha sindikhalamo. Akazi a Makwinja akuti adzandionetsa kusiyanitsa magiredi, chifukwa ndinaleka kale kusankha ndipo maso anga sawakhulupirira. A Makwinja akuti azindibwerezera phunziro mmawa wake, tikugwira ntchito.

Panja ndawafunsa kuti Lachitatu ayambira pati, popeza ine ndinafika kale kwa mmonke wa ku Jeremani. Akanda kumutu, ayang'ana nsapato zanga.

"Tiyambira poyamba, abwana. Pali zina zofunika kufufuta."